A Robinson Nabulyato ndi ufulu wa kulankhula m'Nyumba ya Malamulo

M'mbiri ya Nyumba ya Malamulo ya dziko la Zambia mulibe munthu amene anakhala pa mpando wa Sipikala nthawi yaitali kupambana malemu Bambo Robinson Mwaakwe Nabulyato. Iwo anatsogolera zokambirana za aphungu kuyambira mu January 1969 kufikira mu 1988, ndipo atapuma zaka zitatu anaitanidwanso mu November 1991, nakhala pa mpandowo mpaka 1998. Zonse pamodzi ndi zaka zoposa 26. Anatumikira m'nthawi ya atsogoleri awiri, Dr Kenneth Kaunda ndi Bambo Frederick Chiluba. Anaona Boma la zipani zambiri likutha, Boma la cipani cimodzi likubadwa, ndiponso zipani zambiri zikubweranso.

Munthu wotere sayenera kukumbukidwa ndi mau oyamikira okha monga acitira anthu pa maliro. Moyo wao uli ndi phunziro limene phungu aliyense ndi munthu aliyense woponya voti ayenera kulidziwa, ndipo phunzirolo ndi ili: ufulu umene phungu ali nao wa kulankhula m'Nyumba mopanda mantha ndi wobwereka kwa anthu amene anamtuma. A Nabulyato anauteteza ufulu umenewu pa nthawi imene kuuteteza kunali kobvuta, ndipo pa ici dziko liyenera kuwathokoza. Koma panali nthawi zina pamene anaika ulemu wa Nyumba pamwamba pa eni ake a Nyumbayo, ndipo pamenepo anaphonya. Mbali ziwirizi ziyenera kunenedwa pamodzi.

Mphunzitsi wa ku Namwala

Bambo Nabulyato anabadwa pa 28 October 1916 m'boma la Namwala, kwao kwa a Ila, m'cigawo ca Kumwera. Anaphunzira m'masukulu a mpingo wa Methodist, napita ku Kafue Training Institute kumene pambuyo pake anagwira nchito ya uphunzitsi. Sukulu yomweyi ndiyo inaphunzitsanso Bambo Harry Mwaanga Nkumbula, mwana winanso wa ku Namwala. Masiku amenewo mphunzitsi ndiye anali maso a mudzi, pakuti ndiye anali kuwerenga makalata a Boma la atsamunda ndi kumasulira anthu zimene azungu anali kupangana. N'cifukwa cake ambiri mwa amene anayamba ndale m'dziko lino anacokera m'kalasi.

M'caka ca 1948 mabungwe a anthu akuda oona za umoyo wa anthu m'matauni, amene anali atagwirizana kale mu 1946, anasandulika cipani ca Northern Rhodesia African Congress. Mtsogoleri woyamba anali Bambo Godwin Mbikusita Lewanika, ndipo a Nabulyato anasankhidwa kukhala Mlembi Wamkulu. Nchito ya mlembi siimveka kutali monga ya wolankhula pa msonkhano, koma cipani catsopano cimaima pa makalata, pa mabuku a maina ndi pa zolembedwa za misonkhano. Iwo anapitiriza nchitoyi pamene a Nkumbula anatenga utsogoleri mu 1951, m'masiku a nkhondo yokana Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Citaganyaco cinakhazikitsidwabe mu 1953, ndipo m'caka comweco ulembi wa cipani unapita kwa mnyamata wocokera ku Chinsali, Bambo Kaunda.

Mu 1954 a Nabulyato analowa m'bwalo la malamulo la atsamunda, la Legislative Council. Anthu akuda sanali kuponya voti monga acitira lero. Oimira ao anali kusankhidwa ndi bungwe la African Representative Council, ndipo anali anai okha pakati pa mamembala oposa 20. Ena mwa anzao anali Bambo Safeli Chileshe ndi Bambo Paskale Sokota. Anthu anai sakanapambana pa kuwerenga manja. Cida cao cinali cimodzi, ndico malamulo a kayendetsedwe ka bwalolo: kufunsa funso limene mkulu wa Boma ayenera kuyankha, kupereka mfundo kuti ikambidwe, ndi kuonetsetsa kuti mau ao alembedwa m'buku la zokambirana. Kumeneko ndiko a Nabulyato anaphunzira kuti munthu wopanda gulu lalikulu kumbuyo kwake amatetezedwa ndi dongosolo. Iwo sanali pakati pa atsogoleri amene anatsekeredwa mu 1959, ndipo mbiri yao siinamangidwe pa misonkhano ya pabwalo. Sukulu yao ya ndale inali bwalo la malamulo.

Ciweruzo ca 1969

Pa masankho a December 1968 cipani ca UNIP cinapata mipando 81 mwa mipando 105, ca ANC cinapata 23, ndipo mpando umodzi unapita kwa woima payekha. Nyumba itakumana mu January 1969 inasankha a Nabulyato kulowa m'malo mwa Bambo Wesley Nyirenda, amene anali Sipikala ciyambire 1964 ali phungu wa Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata.

Cimodzi mwa zigamulo zao zoyamba cinali cokana kuzindikira ANC monga cipani cotsutsa cobvomerezeka. Cifukwa cimene anapereka cinali cakuti aphungu a ANC anali ocepa kwambiri, osakwanira ciwerengero cofunika kuti Nyumba iyambe nchito, ndiponso osakhoza kupanga Boma. Motero a Nkumbula, mnzao wa ku Namwala ndi mtsogoleri wao wakale, anatsala opanda udindo wa Mtsogoleri wa Otsutsa.

Amene amateteza cigamulo cimeneci amati Sipikala anangotsata mwambo wa nyumba zina za malamulo. Koma mwambo uli ndi colinga cake. Aphungu 23 aja anali mau a anthu zikwizikwi a kumwera ndi kumadzulo kwa dziko, ndipo kuwacepetsa kunali kucepetsa anthuwo. Munthu amene anakhalapo mmodzi wa anai pakati pa azungu anayenera kudziwa bwino kuposa wina aliyense kuti kucepa kwa gulu sikucotsa kulemera kwa mau ake. Cigamuloco cinathandiza kuzoloweretsa dziko maganizo akuti otsutsa ndi alendo m'Nyumba. Patapita zaka zitatu, mu February 1972, cipani ca UPP ca Bambo Simon Kapwepwe cinaletsedwa, ndipo Boma linalengeza kuti dziko lidzakhala la cipani cimodzi. Bungwe lotsogozedwa ndi Bambo Mainza Chona linayenda kumva maganizo a anthu pa za kayendetsedwe kake, lamulo linasainidwa pa 13 December 1972, ndipo mu June 1973 a Nkumbula analowa UNIP pa cipangano ca ku Choma.

M'nthawi ya cipani cimodzi

Apa ndi pamene nchito yaikulu ya a Nabulyato inaonekera. Pansi pa Malamulo Oyendetsera Dziko a 1973, Cipani cinali pamwamba pa zonse. Kabungwe ka Central Committee kanali pamwamba pa nduna, ndipo Mlembi Wamkulu wa Cipani anali pamwamba pa Nduna Yaikulu. Mtsogoleri wa dziko anali kuima yekha, anthu nabvota kuti inde kapena iai. Aphungu osankhidwa anali 125, ndipo Mtsogoleri anali kuonjezapo 10. M'dera lililonse anthu a Cipani okhaokha anali kupikisana, koma Central Committee inali ndi mphamvu yocotsa dzina la munthu aliyense amene inamuona kuti sayenera.

M'maiko ambiri a mu Africa dongosolo lotere linasandutsa nyumba za malamulo kukhala malo oombera m'manja. Ku Zambia sizinafike pamenepo. Aphungu a mipando ya kumbuyo, amene sanali nduna, anatenga nchito ya otsutsa. Anafunsa za ndalama zoonongeka m'makampani a Boma, za kusowa kwa sopo, saladi, mcere ndi unga m'masitolo, za feteleza wofika mocedwa ndi cimanga coolera pa misika. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, mafunso amenewa anakula. Mu 1977 kabungwe kapadera ka aphungu, kotsogozedwa ndi Nduna ya Zacuma Bambo John Mwanakatwe, kanalangiza kuti Boma licepetse kuononga ndalama ndi kucepetsa maudindo obwerezabwereza a Cipani ndi Boma. Aphungu ena analimba mtima kunena kuti njira ya kumwera, imene inatsekedwa mu January 1973, itsegulidwe cifukwa katundu anali kuunjikana pa doko la Dar es Salaam. Mau amenewa anali owawa pa nthawi imene dziko linali kuthandiza nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe, koma mu October 1978 njanji ya kumwera inatsegulidwadi kuti feteleza afike mvula isanagwe. Mu 1980 aphungu ambiri anatsutsanso poyera lamulo la Local Administration, limene linaphatikiza makhonsolo ndi Cipani ndi kulanda anthu wamba voti yosankha makhansala.

Zonsezi zinatheka cifukwa pa mpando panali munthu amene anaumirira kuti lamulo la mphamvu ndi ufulu wa Nyumba ligwire nchito. Lamulolo limati phungu sangazengedwe mlandu kunja cifukwa ca mau amene wanena m'Nyumba. Kulemba lamulo lotere m'buku n'kosabvuta. Cobvuta ndi kulisunga pamene akuluakulu a Cipani akwiya, monga anakwiyira Dr Kaunda m'mau ao a pa 30 June 1975 pokumbutsa onse kuti Cipani ndico cili pamwamba. Olemba mbiri ya nthawi imeneyo amagwirizana kuti a Nabulyato anali Sipikala wosalola Nyumba kusanduka nthambi ya Cipani. Anapatsa mpata phungu wamba kufunsa, nakakamiza nduna kuyankha. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo Boma limene linalibe otsutsa linamva zoona zambiri kucokera m'Nyumba imeneyi zimene silikanazimva kwina.

Komabe mphamvu ya Sipikala inali kuthera pa khomo. Phungu anali wotetezedwa polankhula, koma pofika masankho dzina lake linali m'manja mwa Central Committee. Mu 1978 aphungu odziwika ndi kulankhula mosaopa, monga Bambo Arthur Wina ndi Bambo Valentine Kayope, analetsedwa kuimanso. Pamenepa pali umboni wakuti munthu mmodzi, ngakhale akhale wolimba cotani, sangalowe m'malo mwa dongosolo labwino. Mutu umodzi susenza denga. A Nabulyato anasunga moto kuti usazime, koma nkhuni zinali m'manja mwa ena. Mu 1988 anacoka pa mpando, nalowa m'malo mwao Bambo Fwanyanga Mulikita.

Kubweranso mu 1991

Zaka zitatu zimene anali kunja zinasintha dziko. Mu June 1990 kukwera kwa mtengo wa unga kunabutsa zipolowe mu Lusaka ndi m'matauni ena, mu July gulu la MMD linabadwa, ndipo mu December ndime 4 ya Malamulo Oyendetsera Dziko, imene inaletsa zipani zina, inacotsedwa. Pa masankho a pa 31 October 1991 MMD inapata mipando 125 mwa 150. UNIP inatsala ndi 25, ndipo 19 mwa imeneyi inali ya cigawo ca Kum'mawa.

Nyumba yatsopanoyo inali yodzala ndi aphungu osadziwa miyambo ya zokambirana, ndipo inafuna munthu wodziwa njira. Kuitanidwa kwa a Nabulyato, ali ndi zaka 75, kunali umboni wakuti mbiri yao ya m'nthawi ya cipani cimodzi inali yolemekezeka ngakhale kwa amene anagwetsa cipanico. Anaphunzitsa mbadwo watsopano wa aphungu mafunsidwe, makambidwe a bajeti ndi nchito za makomiti. Koma dziko limene anabwereramo linali lina. Kunja kwa Nyumba kunali manyuzipepala odziimira paokha, mabungwe a anthu wamba ndi makhoti amene anayamba kugamula milandu motsutsana ndi Boma. Nyumba siinalinso malo okha olankhuliramo zoona.

Mlandu wa 1996

Mu January 1996 Khoti Lalikulu Kwambiri, pa mlandu wa Mai Christine Mulundika ndi anzao, linagamula kuti mbali za lamulo la Public Order zofuna cilolezo ca apolisi anthu asanasonkhane zinali zosemphana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Bambo Godfrey Miyanda, anadzudzula cigamuloco ali m'Nyumba. Nyuzipepala ya The Post inawayankha ndi nkhani zolembedwa ndi Bambo Fred M'membe, Bambo Bright Mwape ndi Mai Lucy Sichone. Mu February Sipikala analengeza kuti atatuwa anyoza Nyumba, ndipo komiti ya Nyumba inalamula kuti atsekeredwe popanda tsiku lotulukira kufikira atapepesa. Iwo sanaitanidwe kuti adzadziyankhire. A M'membe ndi a Mwape anadzipereka mu March nakhala m'ndende milungu yoposa itatu, pamene Mai Sichone anabisala. Khoti Lalikulu linawamasula litapeza kuti njira imene Nyumba inatsata inali yosayenera.

Phungu mmodzi, Bambo Akashambatwa Mbikusita Lewanika wa ku Mongu, analembera Sipikala kalata yodzipatula ku cigamuloco, ndipo Nyumba inamcotsa. Iye ndi mwana wa Bambo Godwin Mbikusita Lewanika, amene a Nabulyato anali mlembi wao mu 1948. Motero Sipikala amene anateteza aphungu olankhula mosaopa m'nthawi ya cipani cimodzi anatsogolera Nyumba imene inathamangitsa phungu cifukwa ca maganizo ake m'nthawi ya zipani zambiri. M'caka comweco, mu May, Nyumba inabvomereza kusintha kwa malamulo kumene kunaletsa munthu amene makolo ake sanabadwire m'Zambia kuima pa mpando wa Mtsogoleri. Lamuloli linatsekera kunja Dr Kaunda, ndipo UNIP inakana kulowa masankho a November.

Kodi munthu mmodzi angacite bwanji zinthu ziwiri zosiyana cotere? Yankho ndi lakuti kwa iwo sizinali zosiyana. Mu 1975 ndi mu 1996 momwe, a Nabulyato anali kuteteza cinthu cimodzi, ndico ulemu ndi mphamvu za Nyumba. Pamene woopseza Nyumba anali Cipani, kuiteteza kunali kuteteza anthu. Pamene wodzudzula anali wolemba nyuzipepala, kuiteteza kunasanduka kutseka anthu pakamwa. Mpanda umene uchinjiriza mbeu ku mbuzi ndi wabwino, koma ukatsekera kunja mwini dimba wataya nchito yake. Phungu anapatsidwa ufulu wolankhula kuti mlimi wa ku Lundazi, wa pa mgodi wa ku Mufulira ndi msodzi wa ku Mpulungu amvedwe kudzera mwa iye. Ngati ufulu umenewo ugwiritsidwa nchito kulanga mlimi yemweyo, kapena wolemba nkhani amene mlimiyo amawerenga, ndiye kuti wantchito wakwera pamwamba pa bwana wake.

Ena adzati Nyumba yonyozedwa singalemekezedwe, ndipo Sipikala ayenera kukhala ndi ndodo. Ici n'coona. Popanda mwambo zokambirana zisanduka phokoso la pa msika, ndipo amene aononga dongosolo m'kati mwa Nyumba ayenera kulangidwa. Koma ulemu wa Nyumba umacokera ku nchito zake: malamulo olungama, ndalama za anthu zolondoledwa bwino, nduna zoyankha mafunso. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Phungu amene adzudzula oweruza ali pa malo otetezedwa ayenera kulola kuti nayenso adzudzulidwe ndi amene alibe citetezo cotero.

Zotsalira kwa a lero

A Nabulyato anapuma mu 1998, nalowa m'malo mwao Bambo Amusaa Mwanamwambwa. Anamwalira pa 12 September 2004, ndipo buku la zokumbukira zao, African Realities, linasindikizidwa mu 2008. Koma funso limene moyo wao unabutsa silinapite nao kumanda. Mu June 2017 Sipikala Dr Patrick Matibini anaimitsa aphungu 48 a UPND kwa masiku 30 cifukwa cokana kukamvera mau a Mtsogoleri Edgar Lungu. Mu December 2021 Sipikala Mai Nelly Mutti, mzimai woyamba kukhala pa mpandowo, analetsa kulowa m'Nyumba aphungu a PF amene masankho ao anali atathetsedwa ndi Khoti Lalikulu, ndipo mu 2022 khoti loona za Malamulo Oyendetsera Dziko linagamula kuti iwo akhalebe aphungu kufikira apilo yao itaweruzidwa. Zipani zinasinthana mipando, odandaula dzulo nakhala olamula, koma mkangano unakhala womwewo. Nthawi iliyonse phungu akatulutsidwa, dera lathunthu limatsala lopanda mau.

Mbali inayo ya colowa cao nayo iripo. Mu October 2020 Bill 10, imene inafuna kusintha Malamulo Oyendetsera Dziko, inagwa cifukwa siinapeze magawo awiri mwa atatu a aphungu. Ici cinaonetsa kuti Nyumba ikhoza kukana cimene Boma lifuna, ndipo mwambo umenewu unaleredwa m'zaka zija pamene aphungu a mipando ya kumbuyo anali kufunsa mafunso owawa pansi pa citetezo ca a Nabulyato.

Cotero amene akhala pa mpando wa Sipikala atengere a Nabulyato kulimba mtima kwao pamaso pa olamula, kudziwa kwao malamulo a Nyumba ndi kuleza mtima kwao pophunzitsa aphungu atsopano. Koma akumbukirenso 1969 ndi 1996, kuti gulu locepa liyenera kupatsidwa malo ake, ndipo munthu wa kunja sayenera kulangidwa asanamvedwe. Aphungu nao adziwe kuti ufulu wao wolankhula ndi katundu wosungitsidwa, ndipo phungu wongokhala cete zaka zisanu wadya za eni. Anthu oponya voti asaleke kufunsa phungu wao cimene ananena m'Nyumba ndi mbali imene anabvotera, pakuti zokambirana zimalembedwa ndipo zimaulutsidwa pa wailesi. Nyumba ya pa Manda Hill ndi yao, ndipo Sipikala, nduna ndi phungu onse ali m'menemo pa nchito ya anthu.